Mipopi Yotseguka Yokha ndi Zipangizo Zina za Madzi Pakhomo: Zimene Mabanja a ku Harare Ayenera Kudziwa

Amene anafikako ku bwalo la ndege, ku hotela kapena ku zipatala zina za mu mzinda wa Harare anaonapo mpopi wopanda chogwirira. Munthu amangoika manja kunsi kwake, madzi n'kuyamba kutuluka, ndipo akachotsa manjawo madzi amasiya okha. Chiyambire mliri wa COVID-19 mu 2020, anthu ambiri anazindikira kuti chogwirira cha mpopi chimatha kufalitsa matenda. Choncho banja limene lili ndi wodwala pakhomo lingadzifunse ngati kugula mpopi woterewu kungaliteteze ku kolera ndi tayifodi.

Nkhani ino ikufotokoza mmene mipopi imeneyi imagwirira ntchito, ubwino wake, zovuta zake, ndiponso zipangizo zina zotsika mtengo zimene zimathandiza m'malokeshoni monga Mbare, Highfield, Glen View, Budiriro, Kuwadzana, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara, kumene madzi a m'mapaipi sabwera tsiku lililonse.

Vuto la madzi m'malokeshoni a ku Harare

Madzi ambiri a mu mzindawu amachokera ku nyanja ya Chivero ndi ya Manyame, ndipo amayeretsedwa pa malo a Morton Jaffray asanapopedwe kupita m'makomo. Nyanja ya Chivero ili kumunsi kwa mzinda. Izi zikutanthauza kuti zonyansa za m'masuweji ndi za m'mafakitale zimene zimalowa m'mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi Manyame zimakathera m'nyanja yomweyo imene anthu amamwa. Kuyeretsa madzi otere kumafuna mankhwala ambiri. Mu September 2019 khonsolo ya mzinda inaimitsa ntchito pa Morton Jaffray kwa kanthawi chifukwa mankhwalawo anali atatha. Ngakhale pa masiku abwino, madzi amene amatuluka amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene mzinda ukufuna. Madera okwera a kum'mawa, monga Mabvuku ndi Tafara, ali ndi makomo amene atha zaka zambiri mipopi ili youma.

Kubwera kwa madzi modukizadukiza kuli ndi ngozi imene ambiri saidziwa. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankhira kunja, kotero kuti pamene pali mng'alu madzi amangotuluka. Koma madzi akatsekedwa, m'paipimo mumakhala mopanda kanthu, ndipo madzi akuda a m'nthaka amalowa pa ming'alu ija. Ngati pafupi paphulika paipi ya suweji, zonyansazo zimalowanso. Madzi akabweranso, amakokolola zonsezo n'kuzifikitsa pa mpopi wa pakhomo panu. Zitsime zosazama ndi mijigo imene sinatsekedwe bwino pamwamba pake imaipitsidwanso m'njira yomweyi.

Zotsatira zake mabanja ambiri amazikumbukira. Mliri wa kolera wa 2008 mpaka 2009 unagwira anthu oposa 98,000 m'dziko la Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro linali limodzi mwa madera amene anavutika koposa. Mu September 2018 kolera inabukanso ku Glen View ndi Budiriro, kumene madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zina anapezeka kuti anali ndi tizilombo. Mu November 2023 akuluakulu a mzinda analengeza kuti ku Harare kwagwa ngozi ya kolera, ndipo dera la Kuwadzana ndilo linali ndi odwala ochuluka. Nayonso tayifodi yakhala ikubuka kawirikawiri m'madera omwewa kuyambira mu 2011.

Matenda awiriwa amalowa m'thupi kudzera pakamwa: m'madzi, m'chakudya, kapena m'manja amene akhudza chimbudzi cha munthu wodwala. N'chifukwa chake nkhani ya mpopi ndi yosamba m'manja si yaing'ono.

Kodi mpopi wotseguka wokha umagwira ntchito motani?

Mipopi imeneyi inayamba kufala m'zaka za m'ma 1980, makamaka m'mabwalo a ndege ndi m'malo ena amene mumadutsa anthu ambiri. Uliwonse uli ndi zigawo zinayi zofunika.

Choyamba ndi sensa, kadiso kakuda kamene kamakhala kunsi kwa khosi la mpopi. Kamatulutsa kuwala kumene maso a munthu sangakuone. Dzanja likafika pafupi, kuwalako kumagunda dzanjalo n'kubwerera, ndipo sensa imazindikira kuti pali munthu.

Chachiwiri ndi kabokosi ka zamagetsi kamene kamalandira uthenga wa sensa n'kulamula kuti madzi atseguke kapena atsekeke. Kabokosika kamatsekanso madzi ngati atuluka nthawi yaitali mopitirira muyezo.

Chachitatu ndi valavu yoyendera maginito. Magetsi akadutsa m'kawaya kokulungidwa, maginito amakoka kachitsulo kakang'ono, ndipo kampira kopyapyala kamene kanatseka njira kamasuntha kuti madzi adutse.

Chachinayi ndi gwero la magetsi. Mipopi ina imayendera mabatire, ina imalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba kudzera m'kachipangizo kochepetsa mphamvu. Ilipo inanso yatsopano imene ili ndi kagudumu kakang'ono mkati, kamene kamazungulira madzi akamadutsa n'kupanga magetsi okwanira kuyendetsa sensa.

Ubwino wake

Ubwino waukulu ndi wakuti munthu sakhudza chilichonse. Pa mpopi wamba, munthu wochokera kuchimbudzi amatsegula ndi manja akuda, amasamba, kenaka n'kutseka pogwira pamalo pomwe paja anadetsa. Wobwera pambuyo pake amagwiranso pomwepo. Mpopi wa sensa umachotsa vuto limeneli.

Umapulumutsanso madzi, chifukwa satuluka pamene munthu akupaka sopo. M'malokeshoni muli chizolowezi chosiya mpopi wotsegula madzi akathawa, n'cholinga choti akabwera usiku anthu amve. Nthawi zina madziwo amabwera pakhomo palibe munthu, n'kutayika kwa maola ambiri. Mpopi wa sensa sungasiyidwe wotsegula.

Umathandizanso anthu amene manja awo alibe mphamvu yopotokola chogwirira: okalamba, odwala nyamakazi, amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, ndiponso ana aang'ono.

Zovuta zimene ogulitsa satchula kawirikawiri

Suyeretsa madzi. Ichi ndicho chofunika koposa. Ngati madzi a m'paipi kapena a m'thanki ali ndi tizilombo ta kolera, adzatuluka nato pa mpopi wa sensa mofanana ndi pa mpopi wina uliwonse.

Umafuna madzi amphamvu. Valavu ya mipopi yambiri yotereyi imatseguka bwino pokhapokha madzi akamakankha ndi mphamvu yosachepera theka la bar, ndipo ina imafuna bar 1. Kuti madzi a m'thanki afike pa bar 1 popanda pampu, ayenera kukhala pamwamba pa mpopi ndi mamita pafupifupi 10. Thanki imene ili pa nsanja ya mamita 3 imapereka mphamvu yosafika ngakhale theka la bar. Zikatero madzi amangodontha, kapena satuluka n'komwe.

Umafuna magetsi. Magetsi a ZESA akazima, mpopi wolumikizidwa ku khoma umaleka kugwira ntchito ngati ulibe batire yapadera. Mabatire akatha, mipopi yambiri imakhala yotseka, ngakhale madzi alipo m'paipi.

Umatsekeka ndi matope. Madzi oyamba kubwera pambuyo pa masiku ambiri amakhala ndi dzimbiri ndi mchenga, zimene zimatseka kasefa ndi timabowo ta valavu. Zipangizo zosinthira sizipezeka paliponse, ndipo si pulambala aliyense amene amadziwa kukonza.

Sutungitsa bwino. Madzi akabwera kwa maola ochepa, banja limafuna kudzaza ndowa ndi zigubu mwamsanga. Mpopi umene umatseka wokha pakapita kanthawi suyenera ntchito imeneyi.

Tizilombo timatha kuswana mkati mwake. Mipopi imeneyi ili ndi tizigawo tambiri ta pulasitiki ndi mphira, ndipo madzi amadutsa pang'onopang'ono, choncho ndere yoterera imamera mosavuta m'katimo. Pa chipatala cha Johns Hopkins ku America, kafukufuku amene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2011 anapeza tizilombo ta Legionella mu theka la madzi amene anayezedwa kuchokera ku mipopi ya sensa, pamene pa mipopi wamba anatipeza mu magawo 15 pa 100 aliwonse. Tizilomboti timayambitsa chibayo choopsa. Chipatalacho chinachotsa mipopi ya sensa m'malo osamalira odwala. Ku Northern Ireland, makanda anayi obadwa masiku asanakwane anamwalira m'zipatala kumapeto kwa 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012 chifukwa cha tizilombo ta Pseudomonas, ndipo ofufuza anapeza kuti tinkachokera m'mipopi ya m'mawodi. Munthu wathanzi savutika kawirikawiri ndi tizilombo totere. Amene ali pa ngozi ndi makanda, okalamba, odwala khansa, odwala matenda a m'mapapo, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika chifukwa cha HIV. Ngoziyi imakula pamene madzi akhala osayenda m'paipi kwa masiku ambiri, monga mmene zimakhalira ku Harare.

Njira zina zosambira m'manja osakhudza mpopi

Cholinga ndi chakuti manja oyera asakhudze malo akuda, ndipo pali zipangizo zimene zimachita zimenezi popanda magetsi.

Mpondagiya. Ichi ndi chigubu cha malita 5 chobooledwa kabowo kakang'ono pafupi ndi kukamwa, chopachikidwa pa mtengo wopingasa. Chingwe chimamangidwa kukhosi kwa chigubu n'kutsikira ku ndodo imene ili pansi. Munthu akaponda ndodoyo, chigubu chimapendekeka ndipo madzi amatuluka pang'onopang'ono. Sopo amapachikidwa pa chingwe pambali pake. Nzeru imeneyi inayambira ku Zimbabwe komwe kuno m'zaka za m'ma 1980, pamene Jim Watt ndi Jackson Masawi anapanga chosambira m'manja cha chipanda chotchedwa mukombe. Mpondagiya amagwiritsa ntchito madzi ochepa kwambiri, ndipo chigubu chimodzi chimakwanira banja kusamba kambirimbiri. Pansi pake muike timiyala kuti pasachite chithaphwi.

Ndowa ya mpopi. Ndi ndowa yokhala ndi chivindikiro ndi kampopi kunsi kwake, yoikidwa pa mpando, beseni lolandira madzi akuda lili pansi. Katswiri wa sayansi wa ku Ghana, mayi Veronica Bekoe, ndiye anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero imapezeka pa makomo a zipatala, masukulu ndi matchalitchi ambiri. Kampopi kake kamakhudzidwa ndi manja, choncho kazitsukidwa ndi sopo tsiku lililonse. Ubwino wake waukulu ndi wakuti banja silisambira m'beseni limodzi. Kusamba m'manja mosinthana m'beseni limodzi musanadye kumafalitsa matenda, chifukwa womaliza amasamba m'litsiro la onse.

Mpopi wa chigongono ndi wopondera. Zipatala zakhala zikugwiritsa ntchito mpopi wa chogwirira chachitali chimene namwino amakankha ndi chigongono. Palinso wotsegula ndi phazi, umene amisiri owotcherera zitsulo amatha kupanga. Yonseyi imagwira ntchito ngakhale madzi ali ofooka, ndipo ikawonongeka imakonzeka mosavuta.

Mpopi wodina. Munthu amadina pamwamba, madzi amatuluka kwa masekondi angapo n'kutseka okha chifukwa cha sipuling'i. Safunika kuukhudzanso atasamba.

Kwa banja limene limatunga madzi pa mjigo, mpondagiya pafupi ndi chimbudzi ndi ndowa ya mpopi pafupi ndi khitchini zimateteza kuposa mpopi wa sensa umene ulibe madzi.

Zipangizo zothandiza pa thanki ndi pa mjigo

Ngati muli ndi ndalama zochepa zokonzera za madzi pakhomo, zipangizo izi n'zofunika kuziganizira poyamba.

• Valavu yoyandama. Ndi kampira kamene kamakwera pamodzi ndi madzi m'thanki n'kutseka paipi thanki ikadzaza. Imalola kuti thanki idzaze usiku popanda woidikirira.

• Valavu yoletsa madzi kubwerera. Imaikidwa pa paipi yolowa pakhomo kuti madzi a m'thanki kapena a mjigo asabwerere m'mapaipi a khonsolo.

• Swichi yoyandama. Imazimitsa pampu thanki ikadzaza, kapena madzi akatha kumene pampuyo ikukoka, kuti isapse.

• Sefa yochotsa matope. Imateteza mipopi ndi mavalavu, koma dziwani kuti sefa ya mtundu umenewu sichotsa tizilombo ta kolera kapena tayifodi.

• Chivindikiro chothina pa thanki, ndi washala watsopano pa mpopi wodontha. Mpopi umene ukudontha dontho limodzi pa sekondi iliyonse umataya malita pafupifupi 20 pa tsiku, chigubu chathunthu chimene wina anakaimira pamzere.

Pambuyo pa miliri yapitayi, mijigo ina ya m'malokeshoni inaikidwa mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa, matanki, mipopi, ndi kachipangizo kamene kamathira klorini m'madzi akamadutsa. Kachipangizoka kamagwira ntchito pokhapokha ngati mapiritsi a klorini akuikidwamo nthawi zonse. Funsani a komiti ya mjigo wanu kuti anawaika liti, ndiponso kuti madziwo anayezedwa liti. Ku Lilongwe, bungwe la Lilongwe Water Board linakhazikitsa malo ogulitsira madzi otchedwa e-Madzi, kumene munthu amagunditsa khadi pa makina ndipo madzi amatuluka molingana ndi ndalama zake, popanda kupatsirana ndalama pamanja. Koma ngakhale madzi atatuluka oyera pa malo otere, amaipa ngati chigubu chotungira chili chakuda.

Ngati mwasankha kugula mpopi wa sensa, kapena muli nawo kale

• Funsani mphamvu ya madzi imene ukufuna, ndipo yerekezani ndi kutalika kwa thanki yanu.

• Sankhani woyendera mabatire opezeka mosavuta, komanso wokhala ndi njira yotsegulira pamanja sensa ikalephera.

• Uyeseni ndi dzanja lanu musanalipire. Masensa ena osapangidwa bwino amachedwa kuzindikira khungu lakuda.

• Musauike pamene pamawomba dzuwa mwachindunji, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumasokoneza sensa.

• Siyani mpopi wamba umodzi, makamaka wa panja, wotungira madzi.

• Madzi akabwera pambuyo pothawa, yambani mwatsegula mpopi wamba wa panja mpaka madzi ayere. Madzi oyambawo muthire kuchimbudzi, osamwa kapena kuphikira. Kenaka lolani madzi adutse pa mpopi wa sensa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musanaugwiritse ntchito.

• Kamodzi pa mwezi masulani kasefa ka pakamwa pa mpopi, kachapeni ndi burashi ndi sopo, kaviikeni m'madzi a klorini, n'kukatsukuluza. Musasakanize klorini ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni.

• Pukutani kadiso ka sensa ndi kansalu kofewa.

Madzi akumwa: athireni mankhwala kapena awiritseni

Kaya madzi achokera pa mpopi wa khonsolo, pa mjigo, pachitsime kapena kwa ogulitsa a pagalimoto, musawakhulupirire chifukwa chongooneka oyera. Tizilombo sitioneka ndi maso.

Awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani WaterGuard kapena Aquatabs motsatira muyezo wolembedwa pa botolo kapena pa paketi, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Ngati madzi ali a matope, adikheni kaye n'kuwasefa ndi nsalu yoyera, chifukwa matope amafooketsa klorini. Sungani madzi akumwa m'chigubu cha kukamwa kopapatiza chokhala ndi chitsekerero, kapena m'ndowa ya mpopi, kuti wina asaviikemo kapu kapena dzanja. Ndowa ndi migolo yonse ya madzi ikhale yovindikira, chifukwa mwana woyamba kuyenda amatha kugweramo chamutu n'kumira.

Kwa amene mukusamalira wodwala

Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyenderera, mukutikita kwa masekondi osachepera 20, kuphatikizapo pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Chitani zimenezi mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, mukathandiza wodwala kapena kuchapa zovala zake, musanakonze chakudya, musanadye, ndiponso musanadyetse mwana kapena wodwala. Sopo akasowa, phulusa ndi labwino kusiyana ndi madzi okha.

Madzi otsukira chilonda, osungunulira mankhwala, kapena okonzera mkaka wa khanda akhale owiritsa n'kuziziritsa, osati otunga mwachindunji pa mpopi wa mtundu uliwonse.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, mpatseni madzi a ORS nthawi yomweyo, mutasungunula paketi molingana ndi malangizo ake. Ngati mulibe paketi, pangani madzi a mchere ndi shuga monga amaphunzitsira m'makiliniki a ku Zimbabwe: masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, mu mamililita 750 a madzi otetezedwa. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Thamangirani ku kiliniki, wodwala akumwabe madziwo m'njira, ngati mwaona chimodzi mwa izi:

• chimbudzi chamadzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga

• kusanza kosalekeza kapena kulephera kumwa

• maso olowa, khungu losabwerera msanga likatsinidwa, kapena kusakodza

• kufooka kwambiri, kukokana kwa minofu ya m'miyendo, kapena kusokonezeka mutu

• magazi m'chimbudzi

• kutentha thupi kwa masiku atatu kapena kuposerapo, pamodzi ndi mutu ndi kupweteka m'mimba, zimene zingakhale zizindikiro za tayifodi

Kolera imatha kupha munthu wamkulu wathanzi m'maola ochepa chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi, koma amene afika msanga kuchipatala pafupifupi onse amachira. Makiliniki a khonsolo m'malokeshoni amalandira odwala otere, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku zipatala za matenda opatsirana za Beatrice Road ndi Wilkins. Musagule nokha mankhwala opha tizilombo pamsika, chifukwa tayifodi ya ku Harare inayamba kusamva ena mwa mankhwalawa.

Katemera aliponso. Mu 2019 mzinda wa Harare unapereka katemera watsopano wa tayifodi m'malokeshoni amene anakhudzidwa kwambiri, ndipo kuyambira mu 2021 ana a ku Zimbabwe amamulandira akakwanitsa miyezi 9. Onani khadi la mwana wanu kapena funsani anamwino. Katemera wa kolera wodontheza pakamwa amaperekedwa pa nthawi ya mliri. Mulandireni akafika m'dera lanu, koma musaleke kuteteza madzi ndi kusamba m'manja.

Zofunika kukumbukira

• Mpopi wa sensa umaletsa manja kukhudza chogwirira ndipo umapulumutsa madzi, koma supha tizilombo.

• Umagwira bwino ntchito pamene madzi ali amphamvu, oyera, obwera nthawi zonse, ndipo mabatire kapena magetsi alipo.

• Pakhomo pamene pali khanda lobadwa masiku asanakwane kapena munthu wa chitetezo chochepa, mpopi wa chigongono kapena wopondera ndi wosavuta kuusamalira.

• Mpondagiya ndi ndowa ya mpopi, pamodzi ndi sopo, n'zokwanira kusamba m'manja moyenera.

• Madzi onse akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo asungidwe m'chotengera chotseka.

• Paipi ya suweji ikaphulika pafupi ndi nyumba, chitsime kapena mjigo wanu, dziwitsani ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu ndi alangizi a zaumoyo a pa kiliniki tsiku lomwelo.